Mizere Iwiri ya Shawelo

Ndinamuona koyamba tsiku limene anasamukira m'nyumba yoyandikana ndi yanga. Katundu yense anali kumbuyo kwa lole, koma iye anatsika kutsogolo atafungatira simbi pachifuwa, chingwe chake atachikulunga pamkono. Anali ndi pakati pooneka kale. Mwamuna wake anatambasula dzanja kuti amulandire simbiyo.

"Landira mipando, iyi usakhudze," anatero mtsikanayo. "Manja akowo ndi agirizi."

"Kodi unakwatiwa ndi ine kapena ndi simbi?"

"Simbi sinandikhumudwitsepo."

Amayi amene anali pampopi anafa nalo phwete, ndipo pofika madzulo anali atamupatsa kale dzina loti Nasimbi. Mwamuna wake, poti amakonza mafiriji, anangokhala Afiriji. Ine ndinali pakhonde ndi zoluka zanga. Ndinaweramitsa mutu kuti asaone kuti ndikumvetsera.

Nyumba zathu ndi zisanu ndi imodzi mumzere umodzi, mpopi umodzi, chingwe choyanikapo chimodzi. Khoma la pakati pa ine ndi iwo ndi lopyapyala moti supuni ikagwa kwawo ndimaimva. Chimwalirire amuna anga ndimaluka majuzi a ana asukulu, choncho ndimakhala pakhomo tsiku lonse, ndipo za anzanga ndimazidziwa ngakhale sindifunsa.

Nasimbi ankagwira ntchito kumalo ochapa ndi kusita zovala za anthu. Ankachoka mamawa, n'kubwera dzuwa litapendeka, mapazi atatupa. Pamkono wake wamanja panali tizipsera titatu ta simbi. Sanali wokonda kukhala pagulu. Akamayanika zovala ankayamba wawongola msoko uliwonse ndi zala, ndipo akaona malaya a wina atayanikidwa mopinda, ankawakonza mwakachetechete mwiniwake asakuona.

Tinayamba kulankhulana chifukwa cha shawelo. Apongozi ake, mayi a Afiriji, anamulukira shawelo yachikasu ya mwana amene ankayembekezayo. Ataichapa anabwera nayo pakhonde panga.

"Aneba, inu mumaluka. Taonani dzanja la apongozi anga."

Linalidi dzanja. Malukidwe ake anali othina, ofanana kuyambira kuchiyambi mpaka kumapeto, ndipo m'mphepete monse munazungulira mizere isanu ndi iwiri ya timaluwa. Ndinaiwerenga ndi chala monga timachitira oluka tonse.

"Akuti inawatengera miyezi iwiri," anatero. "Amandikumbutsa nthawi iliyonse akaimba foni."

Nyengo yozizira itayamba anapita kuchipatala. Anabwerako patatha masiku anayi, ali chimanjamanja. Afiriji anali patsogolo ndi chikwama, shawelo ili pamwamba pake, yopindidwa monga inapitira. Amayi apampopi analeka kucheza. Ine ndinaimirira. Analowa, chitseko chinatsekedwa.

Kwa milungu ingapo kuseri kwa khoma kunali zii. Ngakhale wailesi sinkalira. Nasimbi anabwerera kuntchito, koma ankadutsa ngati munthu amene wasenza ndowa yodzadza ndipo akuopa kuti itayika. Mawu okhawo amene ndinkamva anali a apongozi ake pafoni, chifukwa Afiriji amaika foni patebulo kuti izilankhula mokweza pamene iye akusamba m'manja.

"Mkazi wakoyo mtumize kwa makolo ake akapumule," ankatero mayiwo. "Nyumba yasanduka ya maliro. Iwe ukadali mwana, sungamakhale chonchi."

"Ndamva, mayi. Tiona."

"Tiona liti? Ndikubwera ndekha ndidzaone."

Kupumula kotereku ndimakudziwa. Msuweni wanga anapita kukapumula kwa makolo ake kwa mwezi umodzi, ndipo mpaka lero adakapumulabe, kunyumba kwake kuli mkazi wina. Ndinkadziwa kuti Nasimbi nayenso akumva mawuwo ali kuchipinda, ndipo "tiona" wa mwamuna wake sankamugonetsa tulo.

Tsiku lina masana Afiriji anabwera chikwama chake cha zipangizo chikugwedezeka chokha. Anachitsegula pakhonde, ndipo pakati pa masipanala ndi mawaya panatuluka kamutu kakuda ka kagalu, khutu limodzi lili chilili, lina litagwa. Anati galu wa kasitomala wake anaswera kuseri kwa firiji yakufa, ndipo mwiniwake ankafuna kutaya ana onse.

"Bweza komwe wakatenga," anatero Nasimbi atabwera kuntchito.

"Kangogona lero lokha."

"Ndati bweza. Ine ndilibe mphamvu zosamala kanthu."

Kanagona tsiku limenelo, n'kugonanso lotsatira. Afiriji anakatcha Sipanala. Kuyambira pamenepo khoma lathu linayambanso kulankhula, ngakhale kuti zambiri zinali mikangano. Sipanala anakodza pamphasa, wokolopa ndani? Sipanala watafuna nsapato ya kuntchito. Sipanala wakana mkaka wozizira, akufuna wofunda ngati bwana. Tsiku limene anatafuna chingwe cha simbi ndinaganiza kuti kagaluko kafa.

"Taona mnzakoyu wachita chiyani! Chingwe changa!"

"Ndilumikiza, madamu, ndi ntchito yanga imeneyo."

"Ulumikize ndi mano akewo, uwamange ndi waya!"

Koma madzulo omwewo ndinamuona Nasimbi kuseri kwa nyumba atanyonyomala pambali pa kagaluko, akukachotsa nkhupakupa m'khutu, akukalankhula motsitsa mawu. "Iwe ndiwe mbava. Ukudziwa kuti ndiwe mbava?" Kagaluko kankamunyambita tizipsera tapamkono. Aka kanali koyamba kumva mawu ake ali ofewa chibwerere kuchipatala. M'mawa ankakasiyira madzi m'mbale yakale, n'kubwerera kawiri kuchokera pageti kudzaona ngati zenera latsekedwa. Afiriji ankathawa kuntchito masana kudzakatulutsa. Akachoka, kankalira pang'ono kenaka n'kukhala chete, ndipo ndinkadabwa kuti kamatonthola ndi chiyani.

Ndinadziwa Lachitatu lina. Nasimbi anagogoda pakhomo panga asanavule n'komwe yunifolomu. Sanalowepo m'nyumba mwanga chiyambire, koma tsikulo analowa osadikira kuti ndimuuze, n'kutseka chitseko. M'manja anali ndi jumbo.

"Aneba, ndithandizeni. Ndapsa."

Anatulutsa shawelo ija. Inali ndi ubweya wakuda ponseponse, ikununkha galu, ndipo pakona imodzi panali chibowo choti chibakera n'kulowa, ulusi uli wiriwiri.

"Apongozi akubwera Loweruka," anatero. "Mlamu wanga, mwana wawo wamkazi, ndi woyembekezera, watsala pang'ono kuchira. Akuti shawelo ili kwa ine ikungokhala, adzaitenga akampatse."

Ndinakhala pansi. Ndinafunsa kuti zinatheka bwanji.

"Ndi amuna angawo. Tsiku lachiwiri kagaluka kankanjenjemera, iwo kufunafuna chofunda, n'kukapeza iyi pansi pa sutikesi pomwe ndinaibisa. Mukudziwa zomwe anandiyankha? Akuti firiji ikakhala osayatsa imawonongeka, chinthu chimafunika chizigwira ntchito. Mutu wawo ndi mafiriji okhaokha."

"Nanga iwe osaichotsa bwanji, mwana wanga?"

Anayang'ana pansi.

"Ndinalowa kuti ndikalipe. Ndinapeza shawelo ili m'katoni, ikukwera, ikutsika. Munali kanthu kopuma m'kati mwake. Ndinangoima." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Apongozi akadzaona kuti ndinapatsa galu shawelo ya mdzukulu wawo, adzati mutu wanga wasokonekera. Safunanso chifukwa china. Ndikwera basi Loweruka lomwelo."

Ulusi wachikasu ndinali nawo, koma nditauyandikiza unkawala kwambiri. Wa shaweloyo unali utachapidwa, utafwifwa pang'ono. Woluka aliyense akanaona chigambacho ali pageti. Njira inali imodzi yokha: kumasula mizere iwiri yakunja kuzungulira shawelo yonse, n'kugwiritsa ntchito ulusi wake womwewo kutseka bowolo. Ndinamuuza kuti shaweloyo ichepa ndi zala ziwiri mbali zonse, ndipo mizere itsala isanu.

"Angawerenge?"

"Ine ndinawerenga," ndinatero.

"Chitanibe. Palibenso kwina kothawira."

Anaichapa katatu madzulo omwewo, n'kuiyanika m'nyumba mwanga kuti apampopi asaone. Lachinayi ndinamasula. Ulusi womasula umatuluka wopiringizika, ndipo ukaulukira choncho umaonekeratu. Apa m'pamene ndinaona ntchito ya Nasimbi. Atabwera kuntchito anaukulunga pamsana pa mpando, n'kuphimba ndi kansalu konyowa, n'kumayendetsa simbi pamwamba osaigunditsa, nthunzi yokha ikulowa. Ulusi unawongoka ngati wa m'sitolo.

Lachisanu ndinaluka tsiku lonse, majuzi a eni ake ndinawaika pambali. Dzanja langa ndi lomasuka, la apongozi akewo ndi lothina, choncho ndinkakoka ulusi mpaka chala chinachita mzere wofiira. Ndinamasula kawiri n'kuyambiranso. Uku kuseri kwa khoma Sipanala ankalira osalekeza, akukanda katoni yake yopanda kanthu. Afiriji anamuikira thaulo, iye analikokera panja.

"Tikawauza zoona bwanji?" ndinamva Afiriji akufunsa madzulo.

"Uwauze iweyo. Unayamba wawayankhapo mayi ako? Iwe ndi tiona basi."



Loweruka m'mawa anabweretsa Sipanala kwanga pamodzi ndi mbale yake, chifukwa apongoziwo sankadziwa n'komwe kuti pakhomo pali galu. Nasimbi anakolopa nyumba kawiri, anatola ubweya pampando ndi selotepi. Ndinatseka chitseko changa, n'kukhala pansi kagalu kali pamiyendo, ndikukapatsa chala kuti kazitafuna.

Apongoziwo anafika cha m'ma teni. Anali mayi wamtali, wa magalasi olendewera pa kachingwe, ndipo m'chikwama mwawo munkasuzumira singano zolukira. Anakana kulowa m'nyumba, akuti mukutentha, choncho anawaikira mpando pakhonde, pafupi ndi zenera langa. Ndinkawaona pakampata ka katani. Nasimbi anagwada powapatsa moni, anabweretsa tiyi. Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Waonda. Ukudya koma?"

"Ndikudya, mayi."

"Ndinamuuza mwamuna wakoyu za kupumula. Tikambirana ndikamwa tiyi. Kaye bweretsa shawelo ija ndisaiwale."

Inabwera yopindidwa bwino, yonunkhira sopo. Mayiwo anaitambasula pamiyendo. Anaisisita. Kenaka anagwira kona imodzi pachibwano, n'kutambasula mkono mpaka kumapeto, monga munthu amene amadziwa muyeso wa chinthu chake. Shaweloyo inathera pachikhatho, sinafike kunsonga za zala. Anavala magalasi. Chala chawo chinayamba kuyenda m'mphepete.

Sipanala anayamba kufwenkha mphuno cha kuchitseko.

"Isanu," anatero mayiwo. "Ine ndinaluka isanu ndi iwiri."

"Mwina yafota pochapa," anatero Afiriji.

"Madzi amadya mizere? Iwe khala chete, konza mafiriji." Anatembenuza kona ija, anaiyang'anitsitsa padzuwa. "Apa padutsa dzanja la munthu wina. Wayesetsa, koma si langa. Ndani amaluka pano?"

Pakhonde panga ndinali nditaiwala dengu la ulusi ndi juzi losamaliza. Analiona.

"Odi, eni nyumba iyi! Tatulukani tionane."

Ine sinditha kukana munthu akandiitana. Ndinakankhira kagalu kumbuyo ndi phazi, ndinatsegula pang'ono kuti ndidutse chammbali. Kanadutsa pakati pa miyendo yanga ngati mphepo. Sikanayang'ane munthu aliyense. Kanalumphira pamiyendo ya mayiwo, tiyi n'kutayika, kanazungulira kawiri pashawelo, n'kugona, mphuno itabisika pakona yomwe ija. Kanapuma mpweya wautali, ngati munthu amene wafika kwawo.

Pampopi madzi ankasefukira mundowa, popanda wotseka.

"Ichi n'chiyani?" Mawu a mayiwo anali otsika kwambiri. Manja anawakweza m'mwamba kuti asakhudze kagaluko. "Miyezi iwiri ndikuluka, maso akuwawa. Ndinkalukira galu?"

Anayang'ana Nasimbi, osati mwana wawo.

"Ndinanena ine kuti mutuwu suli bwino. Kalongedze. Ndikuperekeza ndekha kwa amako lero lomwe."

Nasimbi anali chigwadire. Ndinaona dzanja lake likufinya tizipsera tija. Kenaka anaimirira, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita pamaso pa apongozi ake.

"Mayi, mwana wanga sanaifunde shaweloyi ngakhale kamodzi. Anandionetsa atamukulunga m'nsalu ya kuchipatala. Ndinabwera nayo yozizira, ndipo sindinkatha kuiyang'ana. Kagalu aka n'kamene kanaifunditsa. Ndalakwa kukubisirani, ndipo aneba ndinachita kuwapempha ndine. Koma shaweloyi munandipatsa ine. Kwa alamu isapite."

"Ukundiyankha?"

"Ndikukupemphani."

"Iwe," mayiwo anatembenukira kwa Afiriji, "ukumva mkazi wako? Katenge chikwama chake."

Afiriji anali ataima pakhomo, akupotokola chipewa. Ndinadikira "tiona" uja. Ndikhulupirira kuti tonse tinkamudikira.

"Ndinaika m'katoni ndine, mayi," anatero. "Iye kunalibe. Galunso ndinabweretsa ndine, chifukwa m'nyumba muno munalibe wolankhula. Ngati pali wopenga ndi ineyo." "Sapita kulikonse. Akafuna kupumula apumulira pompano."

Mayiwo anayang'ana kagalu kamene kanali katatseka kale maso pamiyendo yawo, shawelo ikukwera ndi kutsika. Sindidziwa chimene anaona. Chibwano chawo chinagwedezeka kamodzi, n'kulimbanso.

"Chotsani chinthu chanuchi pa ine."

Nasimbi ananyamula kagalu pamodzi ndi shawelo. Mayiwo anasasa diresi, anatenga chikwama. Podutsa pa ine anaima.

"Ndinu munaluka?"

"Eya, mayi."

"Mumakoka ulusi mochedwa pokhota." Anavula magalasi. "Koma bowo silikuoneka."

Anauyamba wa kugeti osatsanzika. Afiriji anawathamangira kuti awanyamulire chikwama mpaka pokwerera basi. Nasimbi anakhala pansi pakhonde, kagalu kali m'manja, maso ali pageti. Tonse awiri tinkadziwa kuti msewu wa kokwerera basi ndi wautali, ndipo mayi ndi mwana wake amatha kukambirana zambiri panjira. Ndinakhala pambali pake. Ola linatha, lina linayamba. Dzuwa linachoka pakhonde n'kufika pachingwe choyanikapo.

Geti linalira. Afiriji analowa yekha, atanyamula kajumbo ka mafupa a kubutchala.

"Akuti alukira ina ya achemwali," anatero. "Akutinso pakhomo pano sapondapo mpaka galuyu ataphunzira ulemu."

"Ndiye sadzabweranso," anatero Nasimbi, ndipo anaseka, misozi ikutsika. "Nanga iwe ola lonseli unali kuti? Ndimayesa wakwera nawo."

"Pamzere wa mafupa, madamu. Mnzangayu adye chiyani?"

Anakhala nafe miyezi ina isanu ndi umodzi. Apongozi aja ankaimbabe foni, koma za kupumula sindinazimvenso. Sipanala anakula, khutu lija silinadzuke, ndipo anayamba kugwetsa ndowa za anthu pampopi mpaka madandaulo anachuluka. Banjali linapeza nyumba ya mpanda kufupi ndi kuntchito kwa Afiriji.

Tsiku losamuka lole inabwera yomwe ija. Galu anakwera kumbuyo, pakatoni yake yokhala ndi shawelo, imene tsopano inali ndi mabowo osawerengeka. Nasimbi anabwera pakhonde panga simbi ili pachifuwa. Anatulutsa m'thumba kampira ka ulusi wachikasu, wotsala pa mizere iwiri ija, n'kundiika m'manja. Ndinafuna kunena zambiri, koma ndinangoti ayende bwino. Afiriji analiza hutala.

Anayenda masitepe awiri, n'kubwerera, n'kundinong'oneza kukhutu.

"Muusunge, aneba. Ungakwane tisokosi. Koma musayambe kuluka mpaka nditakuuzani ndekha."